Ndi Mtsempha Chabe

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu mwazimva mpaka kutopa nazo, ndiye sindibwerezanso. Pano ndilembe za ntchito, makamaka za ku Chitipa komwe ambiri a inu munabadwira. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chomwe nkhope imandisinthira mukatchula a Silungwe, chikhalirecho munkadya kwawo ngati kwa amalume anu. Yankho ndi lalifupi: ndinkawachitira nsanje. Ndinawachitira nsanje ali moyo, ndipo ndisanamizire kupemphera, ngakhale lero ali m'manda kamtima kaja sikanatheretu. Nsanjeyo ikanangondidya ndekha bwenzi ndili chete, koma inakagwera pa mwendo wa mwana wa eni ake.

Chaka choyamba

Nditamaliza kosi ya uphunzitsi, kalata inandituma ku sekondale ina ya kumudzi panjira yopita ku Chisenga. Dzina lake sinditchula, poti sukulu sinalakwe kanthu. Kuchokera ku Karonga ndinakwera pamwamba pa lole ya feteleza, ndipo pofika pa Boma fumbi linali litandipaka moti ngakhale amayi anga akanandidutsa. Katundu wanga anali sutikesi, wezulo, ndi tchati chachikulu cha thupi la munthu chomwe ndinachikulunga bwinobwino mu pulasitiki. Tchaticho ndinkanyada nacho. Chinali ndi munthu wosendedwa khungu, minofu yofiira, mafupa oyera, mayina onse m'Chingerezi, ndipo ine ndinali nditawaloweza kuyambira pachipumi mpaka kuchala chakuphazi. Ku koleji ndinali woyamba pa phunziro la kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi. Ndinkadziona ngati dokotala amene wangosochera n'kukagwira choko.

A hedi anandilandira bwino. Anati, "Inu a Thombozi mutenge bwalo lonse, mpira, ntchemberembaye ndi kuthamanga. M'kalasi muthandize Fomu 1 ndi Fomu 2. Bayoloje ya akuluakulu ili ndi mwini wake." Mwini wakeyo anali a Silungwe, bambo wamfupi wa mano otalikirana, jekete imodzi chaka chonse, mbadwa ya komweko. Anayambira ku pulayimale n'kumakwera pang'onopang'ono, dipuloma analibe, ndipo bambo awo ankapha mbuzi pamsika. Atandiona anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Mwaghona, dada. Yayi, pepani, inu a kumwera mumati mwadzuka bwanji. Mwabwera ndi chithunzi chokongola chomene, ana asangalala." Tsiku limenelo ndinawamvera chisoni. Mumtima ndinkati, ana awa aona chaka chino kuti bayoloje yeniyeni imakhala yotani.

Sukuluyo inalibe chilichonse. Chipinda chomwe ankachitcha labu munali matebulo ndi mileme basi. Mpira unali umodzi, wosokedwasokedwa, ndipo mizere ya bwalo tinkalemba ndi phulusa lochokera kukhitchini. Othamanga anga ankathamanga opanda nsapato, koma anali ana a m'mapiri, ozolowera kukwera zitunda ndi thumba la chimanga pamutu, mapapo awo sankatopa wamba. Kubwalo zinandiyendera kuyambira pachiyambi. Vuto linanditsatira m'kalasi.

Chaka chachiwiri

Mukudziwa nokha kuti mwana sangamve zinthu za thupi lake m'Chingerezi chokhachokha. Ndinkati ndikaloza pa tchati n'kutchula dzina lalitali, maso onse gwa, ndiye ndinkamasulira m'Chichewa. Apa m'pamene ndinakodwa. Tsiku lina ndinafunsa kalasi kuti chimalumikiza mnofu ku fupa n'chiyani, iwo anati mtsempha, ine ndinati bwino. Chimanyamula magazi kuchoka kumtima n'chiyani, mtsempha, bwino. Nanga chimatenga uthenga kuchoka ku ubongo kupita kumwendo, mtsempha. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye kuti munthu yense ndi mtsempha basi?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinapsa mtima, ndinamutuma kukatchetcha, koma pamayeso ana anga anasakaniza zinthu zitatu zija ngati ndiwo za pa ukwati. Chichewa chathuchi chili ndi liwu limodzi pa zinthu zitatu zosiyana, ndipo ku koleji palibe anandichenjeza.

Ndinadandaula m'chipinda cha aphunzitsi kuti ana a kuno ndi ouma mitu. A Silungwe anaseka. "Si ana yayi, dada. Ife timati msipa, a ku Tanzania amati mshipa, vuto ndi lomwelo. Mawa mudzasuzumire kwa Fomu 3." Sindinafune kulowa ngati mwana wasukulu, choncho m'mawa mwake ndinangoima panja pa windo ngati ndikuyang'ana zina. A Silungwe anamasula kamtolo ka masamba a nthochi pa kaliyala ya njinga, n'kuika patebulo mwendo wa mbuzi waiwisi, chiboda chili pompo. Ndi kampeni kawo anasenda chikopa pang'onopang'ono monga ankachitira bambo awo. Anatulutsa kanthu koyera, kolimba, konyezimira, n'kukakoka, ndipo chiboda cha mbuzi yakufa chija chinapinda. Ana anakuwa, ena kukwera pa madesiki. Iwo anati, "Uwu ndi mtsempha wa chingwe. Mnofu ukafupika umakoka chingwe, chingwe chimakoka fupa. Mnofu sukankha, umangokoka, n'chifukwa chake imakhala iwiriiwiri, wina kupinda wina kuwongola." Kenaka anafukula kena kofewa, kobowoka, n'kulowetsamo kaudzu. "Uwu ndi wa paipi, muyenda magazi." Pomaliza anaonetsa kaulusi kotuwa kobisala pakati pa minofu. "Uwu ndi wa waya. Sunyamula kanthu, umangouza. Mukagona pa mkono n'kuchita dzanzi, mwapinikiza waya." Anawauzanso kuti chingwe n'choyera chifukwa magazi amafikako ochepa, ndiye mnofu ukang'ambika umapola msanga koma chingwe chimatenga miyezi.

Pomwe belu linkalira, kalasi yonse inali ikuimba, chingwe chimakoka, paipi imanyamula, waya amauza. Ine panja paja thukuta linali kamukamu ngakhale kunali mphepo yozizira ya kumapiri a Mafinga. Zonse zomwe ananena ndinkazidziwa, ndinkazidziwa kuposa iwo, ndi mayina ake enieni. Koma zaka zitatu za ku koleji zinagonja kwa mwendo wa mbuzi. Munthu wanzeru akanalowa n'kuwapempha kuti amuphunzitse. Ine ndinapita kwa a hedi kukanena kuti nyama yaiwisi m'kalasi ikuitana ntchentche ndi matenda. A hedi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwendowo akamaliza amawapatsa alonda, a Thombozi. Mukuufuna ndinu?"

Chaka chachitatu

Nzeru za a Silungwe sizinathere m'kalasi, zinanditsatira kubwalo kwanga. Ana akamaliza kuzungulira bwalo ndinkawaona ataika zala ziwiri pakhosi, milomo ikuwerenga. Nditafunsa anati a Silungwe awauza kuti aziwerenga kugunda kwa mtima akangoima, n'kuwerenganso akapuma pang'ono, ndipo amene mtima wake wabwerera msanga ndiye wakhwima. Zinali zoona, ndipo zinali m'buku langa lalikulu lomwe linkagona pansi pa bedi. Aliyense akabwera ndi funso, mawu oyamba ankakhala akuti, a Silungwe amati. Ndinafika podana ndi mawu atatu amenewo. Kunyumba mayi anu anatopa nane. Ankati, "Mwayambanso nyimbo yanu ija? Anthu azimva ngati inu ndi a Silungwe muli pa mitala." Ine sindinkaseka.

Chinandipweteka kwambiri chinachitika pa mpira wa Loweruka. Wosewera wanga mmodzi anagwa, katumba atakokana. Ndinathamanga, ndinagwada, ndinamuwongola mwendo n'kukankha phazi kuti mnofu utambasuke, ndendende momwe ziyenera kukhalira. Ndili chigwadire choncho, anzake omwe anatizungulira anayamba kukuwa kuti itanani a Silungwe. Ine ndili pompo, manja ali pa mwendo wa mwanayo. A Silungwe anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti a Thombozi achita kale zonse, mumupatse madzi. Anthu anawaombera m'manja iwowo.

Lolemba ndinawadikirira m'chipinda cha aphunzitsi, anzathu onse alipo. Ndinati, "A Silungwe, ine ndinalowapo m'kalasi mwanu kudzagwira choko?" Anati ayi. Ndinati, "Nanga kubwalo kwanga mumafunako chiyani? Bwalo ndi langa, othamanga ndi anga, ndipo pepala la zimenezi ndili nalo ndine. Inu zanu ndi mbuzi." Mawu omalizawo anatuluka oipa kuposa momwe ndinawakonzera, moti mphunzitsi wina anaika kapu yake pansi. A Silungwe anati, "Yewo, dada, pepani chomene. Sindinadziwe kuti zikukupwetekani. Kuyambira lero, ndikaona kanthu pa mwana wanu wamasewero ndidzauza inu, osati mwanayo. Inu ndi amene muzimuuza." Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndawina mlandu. Iwo lonjezo lawolo analisunga mpaka kumapeto.

Chaka chachisanu, mwezi wa June

Chaka chimenecho ndinali ndi Tumpale Namtowe. Anali mtsikana wa Fomu 2, wamtali, wosalankhulalankhula, wochokera kuseri kwa phiri. Tsiku lililonse ankabwera kusukulu akuthamanga, osati chifukwa chochedwa, koma ankati kuyenda kumamutopetsa. Sindinaonepo mwana wothamanga ngati ameneyo, kale kapena pambuyo pake. Ankaponda ndi zala zokha, chidendene osagunda pansi, ndipo akamaliza kuzungulira bwalo kasanu ndi kawiri ankafunsa ngati pali zina. Ine ndi amene ndinamutulukira, ine ndi amene ndinamuphunzitsa kusunga mphamvu mpaka pomaliza. Ameneyu anali wanga, a Silungwe analibe gawo. Akuluakulu a masewero anali atamva za iye, ndipo zinkamveka kuti akapambana pa mpikisano wa pa Boma amutenga kupita ku Mzuzu.

Nthawi yomweyo kunabwera kalata yoti sukulu yathu isankhe mphunzitsi mmodzi wokachita kosi ya sayansi ya thupi ndi masewero, ya chaka chathunthu. A hedi anandiuza poyera kuti akuganizira anthu awiri, ine ndi a Silungwe, ndipo adzanena mpikisano ukatha. Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Kosi ya masewero, ndipo akuganizira munthu wa mbuzi? Ndinadziuza kuti ndikabwera ndi chikho n'kuchiika patebulo pawo, nkhani idzathera pomwepo.

Kutatsala masiku anayi, Tumpale anaponda m'kadzenje kumapeto kwa bwalo. Sanagwe, anangoima n'kugwira kumbuyo kwa kakolo, pamwamba pa chidendene. Mawa lake anabwera akuyenda, osati kuthamanga. Ndinamusisita ndi mafuta, ndinamuuza kuti zitha. Koma Lachinayi masana ndinamuona atakhala pakhonde la Fomu 4, mwendo uli pa mpando, a Silungwe atawerama pamenepo. Anapita yekha, osandiuza. Ndinaona akumuimiritsa kuti anyanyamphire ndi phazi limodzi, iye n'kulephera. Ndinaona akuyendetsa chala pang'onopang'ono pa chingwe cha kuchidendene, n'kuima pamalo amodzi. Kenaka anamuuza kanthu, iye n'kumapita.

A Silungwe anandipeza ndikulemba mayina a opita ku mpikisano. Anatseka chitseko, n'kuyamba ndi kupepesa kuti mwanayo anabwera yekha, sakanamubweza. "Koma sindinamuuze kanthu, dada, monga tinapangana. Ndangoti amve kwa inu. Ndi mtsempha wa chingwe, wa kuchidendene. Wang'ambika mbali imodzi, pali kadzenje, chala chikulowa. Akathamanga Loweruka uduka. Apume miyezi itatu, apite kuchipatala, chaka cha mawa adzakubweretserani chikho." Ndinawayankha mozizira kuti ndamva, ndipo ndimuyeza ndekha. Anati, "Enya, muyezeni, mukudziwa kuposa ine." Anandiuzanso kuti iwo akunyamuka madzulo omwewo kupita ku Misuku kumaliro a apongozi awo, abwera Lolemba.

Ana anga, ndinamuyeza. Ndisakunamizeni kuti sindinadziwe. Lachisanu m'mawa ndinaika chala changa pamalo omwe aja, ndipo kadzenje kanalipo, potupa, potentha. Dzina lake la m'Chingerezi ndinkalidziwa, tsamba lake m'buku ndinkalidziwa. Ndinayamba kudzinyengerera ndekha kuti mwanayu ndi wamng'ono, thupi lake ndi lolimba, ndi mpikisano umodzi wokha, ndimumanga bandeji. Mwina ndikanadzigonjetsa n'kufufuta dzina lake, sindikudziwa. Koma Tumpale anandiyang'ana n'kufunsa, "Aphunzitsi, a Silungwe akuti chiyani?" Sanafunse kuti inu mwaona chiyani. Chala changa chili pa mwendo wake, zaka ziwiri ndikumuphunzitsa, iye akufuna kumva za a Silungwe. Ndinati, "Akuti ndi mtsempha chabe."

Taonani mmene ndinachitira. Ndinachotsa mawu oti wa chingwe, n'kuikapo chabe. Kumudzi munthu akati ndi mtsempha chabe amatanthauza kukokana kwa tsiku limodzi, kosisita ndi madzi otentha. Tumpale anali Fomu 2, phunziro la mwendo wa mbuzi anali asanalifike, ndiye sakanadziwa kufunsa kuti mtsempha wake uti. Ine ndinkadziwa kuti sakudziwa. Nkhope yake inamasuka. Anati, "Ngati anena a Silungwe, ndithamanga."

Loweruka pa Boma panali anthu ambiri, ana a sukulu zonse, apolisi, ogulitsa nzimbe. Tumpale anazungulira kasanu ali patsogolo, akutsimphina pang'ono koma wachiwiri ali kutali. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza mawu okanena kwa a hedi. Pozungulira kachisanu ndi chimodzi, pokhota, anawonjezera liwiro monga ndinamuphunzitsira. Ndinamva phokoso ngati kamtengo kouma kathyoka. Iye anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, chifukwa amene chingwe chamudukira amamva ngati wina wamumenya chidendene, koma kumbuyo kunalibe munthu. Anayesa kuponda, phazi linangolendewera, n'kugwa chafufumimba. Pomunyamula sanalire. Ankangobwereza kuti, "Koma a Silungwe anati ndi mtsempha chabe."

Sabata yotsatira

Kuchipatala anamuika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pansi pa bondo. Lolemba a Silungwe atabwera anamva nkhaniyo panjira, ndipo anandipeza kubwalo ndikukonza mitengo ya golo. Anandifunsa funso limodzi, "Munamuuza chiyani, dada?" Ndinati, "Zomwe munanena, kuti ndi mtsempha." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakankha njinga yawo n'kumapita.

Lachitatu kunabwera bambo ake a Tumpale, a Simtowe, ndi mbale wawo. Tinakhala mu ofesi ya a hedi anthu asanu. A Simtowe sanakweze mawu. Anati, "Ife ndife alimi, za thupi sitizidziwa. Mwana akuti inu a Silungwe munamugwira mwendo n'kunena kuti ndi mtsempha chabe. Ife timakudalirani ngati dokotala. Munanena kapena simunanene?" A Silungwe anatembenukira kwa ine n'kudikira. Anandipatsa mpata, ana anga, mpata wautali moti a hedi anatsokomola. Ine ndinayang'ana kalendala ya pakhoma. Pamenepo iwo anati, "Enya, dada, ndinati ndi mtsempha. Pepani chomene." Mawu oti wa chingwe sanawatchule.

Anthu atapita ndinawatsatira kuseri kwa labu, sindikudziwa kuti ndinkafuna kunena chiyani. Iwo anayamba. "Inu muli ndi ana anayi, kwanu n'kutali, ndipo dzina pa pepala munalemba ndinu. Zikadziwika kuti ndinakuuzani, ntchito yatha. Ine kuno ndi kwathu, andinena, atopa." Mukuganiza kuti ndinagwada n'kuthokoza? Ndinamva ukali. Munthu ameneyu anandiposa m'kalasi, anandiposa kubwalo kwanga, tsopano wandiposanso pa umunthu, ndipo ndizidya ntchito yanga ndi chifundo chake. Kuyambira tsiku limenelo ndinkati ndikamva kulira kwa njinga yawo ndinkalowera njira ina.

Anthu sanatope msanga ngati momwe iwo ankaganizira. Kutchalitchi ena anasiya kuwapatsa moni, pamsika ankawatcha dokotala wa mbuzi. A hedi, pofuna kuwachotsa pamaso pa anthu, anawapatsa kosi ija. Ndiye onani, mwendo wa mwana ndinaupereka, ndipo kosi inapitabe kwa a Silungwe. Tumpale chingwe chake chinapola chotalika, phazi linatha mphamvu yokankha. Anabwerera kusukulu ndi ndodo, anakhala teremu imodzi, n'kusiya.

Zaka za pakati

A Silungwe sanabwererenso kudzaphunzitsa kwathu. Atamaliza kosi anawasunga komweko, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa pa koleji, wa achinyamata ophunzira sayansi ya masewero olimbitsa thupi, chaka chawo choyamba, mafupa, minofu, mtima ndi mapapo. Ine anandisamutsira kufupi ndi Kaseye, kenaka pa Boma, wezulo yomwe ija ili pakhosi. Aphunzitsi achinyamata ankabwera kuchokera ku koleji, ndipo ndinkati ndikadutsa pa windo ndinkamva chingwe chimakoka, paipi imanyamula, waya amauza. Mmodzi anandifunsa ndi maso owala ngati n'zoona kuti ndinagwirapo ntchito ndi a Silungwe. Ndinati eya, koma zambiri ankafunsa kwa ine. Bodza limenelo ndinalinena ndili ndi imvi.

Nanenso ndinayamba kugula mwendo wa mbuzi, mobisa, kusukulu komwe sankawadziwa. Chiboda chinkapinda, ana ankakuwa chimodzimodzi, koma ine sindinkamva kukoma. Khirisimasi iliyonse a Silungwe akabwera kumudzi ankadzera kwathu ndi masiwiti anu, n'kukhala pakhonde kucheza ndi mayi anu. Za Tumpale sanazitchulepo ngakhale kamodzi, ndipo kusatchulako kunkandiwotcha kuposa kunditukwana.

Chaka chomwe ndinapuma

A Silungwe anamwalira miyezi iwiri ndisanapume pantchito. Kumaliro kunabwera mabasi a ophunzira awo, anthu olankhula anachuluka mpaka abusa kuyamba kuyang'ana wotchi. Ndinakhala kumbuyo ndikuwerenga anthu, n'kumadzifunsa kuti pa anga padzabwera angati. Inde, pamaliro. Koma ndinaonanso kuti a kwa Simtowe panalibe ndi mmodzi yemwe, chikhalirecho midzi yawo ndi yoyandikana, ndipo kuno munthu sajomba maliro a mnansi popanda chifukwa chachikulu. Akulu amati mlandu suola. Ndinatha sabata zitatu ndikuzengereza, kenaka ndinauza mayi anu zonse. Sanandikalipire. Anangonditulutsira malaya oyera n'kunena kuti, "Mukudziwa komwe amasokera."

Tumpale ndi telala pa Boma, pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika. Tsopano ndi mayi wa ana atatu. Ndinamupeza akusoka yunifolomu, akupalasa makina ndi phazi lamanzere lokha, lamanja ataliika pambali pa kachidutswa ka thabwa. Atandiona anasangalala, anafuna kudzuka, ine ndinamuletsa. "Aphunzitsi anga, mwabwera ndi chosoka?" Ndinati ayi, ndabwera ndi mawu. Anandipatsa kampando, koma sindinakhale, ndinaima kutsogolo kwa makinawo. Ndinamuuza zonse mwadongosolo, za chitseko chotseka, za mawu enieni a a Silungwe, za kadzenje komwe chala changa chinakapeza, za liwu lomwe ndinachotsa ndi lomwe ndinaikapo. Ndinamuuzanso chifukwa chake, kuti anafunsa za a Silungwe osati za ine.

Makina anali ataima kalekale. Anakhala akuyang'ana nsalu, kenaka anafunsa, "Anati ndipume miyezi ingati?" Ndinati itatu. Anabwereza motsitsa, miyezi itatu. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Inu ndinkakupemphererani, aphunzitsi. Ndinkati aphunzitsi anga ananamizidwa ngati ine. A Silungwe anabwera pakhonde pano katatu. Ulendo woyamba anabweretsa nsapato yokweza chidendene, akuti indithandiza kuyenda. Ndinaiponya mu ngalande iyo, iwo akuona. Ulendo wachiwiri sindinawayankhe moni. Ulendo wachitatu anali atadwala kale, akuyenda ndi ndodo, ndinawauza kuti akafe ndi mitsempha yawo." Anapukuta m'maso ndi kansalu kodula. "Mwendo ndinauzolowera. Koma mwadikira kuti aikidwe kaye. Ndiye ine ndikapepese kwa ndani?"

Ndinangoima pamenepo, chipewa chili m'manja, njinga zamoto zikudutsa kumbuyo kwanga. Iye anakonza nsalu pansi pa singano, n'kuika phazi lamanzere pa chopalasira.

"Tasunthani, aphunzitsi," anatero. "Mukunditchingira kuwala."